Mmene Mungayendetsere Malo Odyera a pa Yunivesite Nthawi ya Mliri

Pa 11 Marichi 2020, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti matenda a COVID-19 asanduka mliri wa dziko lonse, ndipo pasanathe milungu yambiri sukulu m'mayiko ochuluka zinali zitatsekedwa. Bungwe la United Nations loona za maphunziro la UNESCO linapeza kuti pofika mu Epulo chaka chomwecho, ophunzira oposa 1.5 biliyoni anali atasiya kupita m'kalasi. Maphunziro ndi misonkhano zinasamukira pa intaneti, koma makhitchini a m'mayunivesite ambiri sanazime moto, popeza panali ophunzira amene sakanatha kubwerera kwawo chifukwa malire a mayiko anali otseka, ndiponso ena amene analibe kwina kopita. Mayunivesite atayamba kutsegulanso chakumapeto kwa chaka chimenecho, zinaonekeratu kuti holo yodyera ndi malo ovuta kuposa ena onse. M'kalasi, mu laibulale ndi m'basi munthu angathe kukhala atavala masiki tsiku lonse, koma pofuna kudya ayenera kuivula, ndipo amaivula ali pakati pa anzake mazanamazana amene nawonso avula zawo. Malangizo otsatirawa akupita kwa anthu amene amayang'anira malo otere, ndipo achokera pa zimene zinathandiza komanso zimene zinalephereka pa nthawi imeneyo.

Musanasunthe tebulo ngakhale limodzi, funsani achipatala kuti matenda amene abukawo amafalikira motani, chifukwa yankho lake ndilo liyenera kutsogolera ndalama zanu ndi mphamvu za antchito anu. Kachilombo koyambitsa COVID-19 kamayenda makamaka mu mpweya ndi m'timadontho tochokera m'kamwa ndi m'mphuno pamene munthu akupuma, kulankhula, kutsokomola kapena kuyetsemula, ndipo mabungwe a WHO ndi FAO (loona za chakudya ndi ulimi) ananena mu 2020 kuti panalibe umboni woti anthu akutenga matendawa kudzera m'chakudya kapena m'zokutira zake. Komabe malo odyera ambiri anathera miyezi akupukuta chilichonse kangapo pa ola, uku mazenera ali chitsekere. Matenda ena, monga kolera ndi matenda otsekula m'mimba oyambitsidwa ndi kachilombo ka norovirus, amadutsa m'madzi, m'chakudya ndi m'manja, ndipo pa matenda amenewo chidwi chiyenera kupita ku madzi akumwa, zimbudzi ndi manja a ophika. Zimene zalembedwa panozi zikunena makamaka za mliri woyenda mu mpweya.

Mpweya ndi mipando

Ntchito yoyamba ndiyo kuonetsetsa kuti mpweya wa m'holo ukusinthika. Tsegulani mazenera ndi zitseko za mbali ziwiri zoyang'anizana kuti mphepo izilowa uku n'kutulukira uko, ndipo muzitero kuyambira anthu asanalowe mpaka patapita nthawi onse atatuluka. Ngati nyumbayo ili ndi makina oyendetsa mpweya, uzani amisiri awatchere kuti azikoka mpweya wambiri wa panja m'malo mongozungulitsa womwewo wa m'kati, ndiponso azisintha zosefera zake pa nthawi yake. Fani yongozungulira m'chipinda chotseka imangonyamula mpweya wa munthu mmodzi n'kukaupatsa wina, choncho ndi bwino kuiika pawindo itayang'ana kunja kuti izitulutsa mpweya wakale.

Pali kachipangizo koyezera mpweya wa carbon dioxide kamene kangakuuzeni zimene maso sangaone. Panja mpweya umenewu umakhala pafupifupi magawo 400 pa magawo miliyoni imodzi, ndipo umachuluka m'chipinda anthu akamapumiramo popanda mphepo yatsopano. Malangizo a boma la Britain pa nthawi ya COVID-19 ankati chipinda chimene muyezo wake sukupitirira 800 chili ndi mpweya wokwanira, pamene muyezo wopitirira 1500 ndi chizindikiro choti pakufunika kuchitapo kanthu. Yezani pa nthawi imene holo yadzaza kwambiri, ndipo kachipangizoko kakhale kutali ndi zenera komanso kutali ndi mbaula za gasi, popeza moto nawonso umatulutsa mpweya womwewu ndipo ungakusokonezeni.

Kenaka werengani mipando. WHO inkalangiza kuti anthu azitalikirana ndi mita imodzi kapena kuposerapo, pamene bungwe loona za matenda la CDC la ku United States linkanena mapazi 6, omwe ndi pafupifupi mamita awiri. Pamalo podyera, pamene nkhope zili poyera ndipo anthu akucheza mokweza mawu, ndi nzeru kutsatira muyezo waukuluwo. Mipando yotsala ichotseni m'holomo n'kukaitsekera kwina, chifukwa mpando umene wangomatidwa chikwangwani choletsa, wina amaukoka ndithu akaona mnzake. Ikani anthu moti asayang'anizane maso ndi maso, ndipo ngati ophunzira ena amagona m'chipinda chimodzi kapena m'nyumba imodzi, aloleni adyere pa tebulo limodzi, popeza kuwalekanitsa pa chakudya chokha sikuteteza aliyense. Kulikonse kumene nyengo ikulola, tulutsani matebulo pakhonde, pabwalo kapena pansi pa tenti, monga anachitira mayunivesite ambiri mu 2020, koma dziwani kuti tenti yotsekedwa mbali zonse zinayi yasanduka chipinda ngati china chilichonse.

Zotchinga za pulasitiki yoonekera zinagulidwa zochuluka zedi m'chaka chimenecho. Zimathandiza pamalo amene wantchito amayang'anizana ndi anthu ambiri motsatizana, monga polipirira ndi pogawira chakudya, koma kuzidzaza pa tebulo lililonse kungatchinge mphepo ndi kuchititsa kuti mpweya uzingoima malo amodzi.

Nthawi ndi mzere

Mukachepetsa mipando, vuto limasamukira pakhomo, ndipo apa ndi pamene oyang'anira ambiri anapunthwa. Holo imaoneka yadongosolo m'kati, koma panja pali chikhamu cha ophunzira opanikizana akudikira kulowa. Tiyerekeze kuti holo yanu inkalandira anthu 300 nthawi imodzi ndipo tsopano yatsala ndi mipando 100, pamene ofuna chakudya chamasana ndi 900. Ngati gulu lililonse lipatsidwa mphindi 30, kuphatikizapo nthawi yopukuta matebulo, mudzafunika magulu 9, kutanthauza maola anayi ndi theka a chakudya chamasana chokha. Kuwerengera kotereku kuchitike papepala sukulu isanatsegulidwe, ndipo zotsatira zake mupite nazo kwa amene amakonza ndandanda ya maphunziro, chifukwa ngati makalasi onse atuluka nthawi imodzi, palibe luso la m'khitchini limene lingathetse mzerewo. Pemphani kuti magulu a ophunzira azituluka nthawi zosiyana, talikitsani maola otsegulira, ndipo gawo lina la anthu lizitenga chakudya n'kukadyera kwina.

Mayunivesite ena anagwiritsa ntchito mapulogalamu a pafoni oti wophunzira asungitsiretu nthawi yodyera kapena aitanitsiretu chakudya. Njira imeneyi ndi yabwino, koma isakhale yokhayo, popeza si wophunzira aliyense amene ali ndi foni yamakono kapena intaneti nthawi zonse, ndipo munthu sayenera kugona ndi njala chifukwa batire yatha. Makadi a mitundu yosiyanasiyana osonyeza nthawi, kapena kugawa nthawi potsata nyumba zogona, zimagwira ntchito yomweyo. Ubwino wina wa ndandanda yotere ndi woti wina akapezeka ndi matenda, achipatala amadziwa msanga amene anadya naye nthawi imodzi. Kumbukirani kuti pa COVID-19 munthu ankawerengedwa kuti wakhudzana ndi wodwala ngati anakhala naye pafupi kwa mphindi 15 kapena kuposerapo, ndipo ndi anthu ochepa amene amamaliza kudya nthawi imeneyi isanakwane.

Khomo lolowera likhale losiyana ndi lotulukira, pansi palembedwe zizindikiro zosonyeza poima, ndipo masiki ivalidwe pamzere ponse mpaka munthu atakhala pansi ndi mbale yake. Pakhomo pakhale madzi ndi sopo, kapena sanitaiza wokhala ndi mowa wosachepera 60 peresenti, ndipo pakhale munthu woona kuti zimenezi sizinathe.

Kugawa chakudya

Dongosolo loti aliyense azidzitengera yekha chakudya liimitsidwe kaye. Chifukwa chake chachikulu n'choti anthu amachedwa ndi kuunjikana pamiphika akusankha, ndiponso chipande chimodzi chimagwiridwa ndi manja mazanamazana. Wantchito wovala masiki azigawa, ndipo masipuni, mafoloko ndi makapu aziperekedwa pamodzi ndi mbale m'malo moti aliyense azipisa dzanja m'chotengera chimodzi. Chepetsani mitundu ya zakudya kuti mzere uziyenda msanga, ndipo lengezani za tsikulo pakhomo kuti munthu afike atasankha kale. Pochepetsapo musachotse chakudya cha anthu amene thupi lawo limadana ndi zinthu zina, odwala matenda a shuga, osadya nyama, ndi amene chipembedzo chawo chili ndi malamulo a kadyedwe, chifukwa anthu amenewa ndiwo amayamba kuiwalika zinthu zikathina.

Sikofunika kusiya mbale zotsuka n'kuyamba zotaya pa chakudya chodyera m'holo momwemo. Madzi otentha ndi sopo, kapena makina otsukira mbale ogwira ntchito bwino, ndi zokwanira kupha kachilombo ka mtundu umenewu. Zotengera zotaya zimadya ndalama zambiri ndipo zimadzaza mabini mofulumira, moti mayunivesite ena anayamba kupereka zotengera zolimba zoti wophunzira abweze kuti zitsukidwe, n'kupatsidwa zina zoyera.

Chakudya chotenga chili ndi ngozi yakeyake imene ilibe chochita ndi mliri, ndipo ndi yosavuta kuiiwala pamene maganizo onse ali pa kachilombo kamodzi. Tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba timaswana msanga chakudya chikakhala pakati pa madigiri 5 ndi 60 a Celsius. Choncho chotentha chisungidwe pamwamba pa madigiri 60 mpaka chitaperekedwa, chozizira chikhale m'furiji pansi pa madigiri 5, ndipo chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Musapakire mabokosi mazana m'mawa kuti adzatengedwe masana. Pakirani pang'onopang'ono molingana ndi mmene anthu akubwerera, ndipo pa bokosi lililonse lembani nthawi imene lapakiridwa ndi zimene zili m'katimo. Auzeni ophunzira momveka kuti chakudya chimene chagona m'chipinda chopanda furiji chitayidwe, makamaka mpunga ndi nyama, ndiponso kuti chotenthetsanso chitenthe mpaka m'kati. Muganizirenso kumene anthuwo akukadyera, chifukwa ngati anthu khumi atenga mabokosi awo n'kukadzazana m'kachipinda kogona kotseka mazenera, ndiye kuti mwangosamutsira ngoziyo pamalo poipa kuposa holo yanu. Tsegulani makalasi aakulu opanda ntchito ndi malo a panja kuti akhale odyeramo.

Ophunzira obindikiritsidwa

Mbali imeneyi ndi imene ndikupempha kuti muiganizire mofatsa kuposa zonse, chifukwa wophunzira amene wauzidwa kuti asatuluke m'chipinda alibenso njira ina yopezera chakudya kupatula inu. Kumayambiriro kwa COVID-19, amene wakhudzana ndi wodwala ankabindikiritsidwa masiku 14, ndipo m'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala 2020 ophunzira a m'mayunivesite ena a ku United States ndi ku Britain anaonetsa pa intaneti zithunzi za chakudya chofika mochedwa, chochepa, kapena chosagwirizana ndi zimene anapempha, monga nyama kwa munthu wosadya nyama. Zoterezi zimapweteka mtima wa wachinyamata amene ali kale ndi mantha, ndiponso zimawononga ntchito yonse yoteteza anthu, popeza wanjala amatuluka kukasaka chakudya, ndipo anzake akaona mmene akuvutikira amabisa zizindikiro zawo kuti nawonso asatsekeredwe.

Konzani kuti pakhale munthu mmodzi wodziwika amene amalandira maina kuchokera kuchipatala cha pasukulu kapena kwa oyang'anira malo ogona, ndipo mndandandawo uzikonzedwanso kawiri pa tsiku, chifukwa amene walowa m'chipinda madzulo ayenera kudya usiku womwewo. Pa dzina lililonse palembedwe nambala ya chipinda, tsiku lolowa ndi lotuluka, zakudya zimene munthuyo sadya, ndi nambala ya foni. Mndandanda umenewu ndi chinsinsi cha odwala, choncho uonedwe ndi okhawo amene akufunika kuuona. Sungani mabokosi angapo okonzeratu a zakudya zosaonongeka msanga ndi madzi akumwa, oti aperekedwe nthawi yomweyo munthu akangolowa, ngakhale khitchini itatseka.

Wopereka chakudya avale masiki, aike bokosi pakhomo, agogode, atchule dzina, n'kubwerera m'mbuyo osalowa. Ayesetse kuti chakudya chotentha chifike chikadali chotentha, ndipo nthawi yofikira ikhale yodziwika tsiku lililonse, kuphatikizapo Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi, amene kawirikawiri ndiwo amasokonekera. Madzi akhale ochuluka, chifukwa wotentha thupi amafuna kumwa kwambiri. Odwala COVID-19 ambiri ankasiya kumva fungo ndi kukoma kwa chakudya, ena ankamva zilonda kukhosi, choncho pakhale zakudya zofewa, zamsuzi ndi zipatso zoti munthu wopanda chilakolako angathe kudya. Phunzitsani operekawo kuti akapeza bokosi la m'mawa likadali pakhomo masana, kapena akagogoda popanda woyankha, adziwitse achipatala nthawi yomweyo, popeza mwina iwowo ndi anthu okhawo amene amafika pakhomo limenelo tsiku lonse. Zinyalala zimangidwe m'thumba ndi kutengedwa tsiku ndi tsiku. Pakhalenso nambala ya foni imene imayankhidwadi, yoti wobindikiritsidwa aimbe ngati chakudya sichinafike.

Antchito

Wophunzira amakhala m'holo theka la ola, koma wophika, wogawa ndi wotsuka mbale amakhalamo tsiku lonse, nthawi zambiri m'khitchini mopanikiza, motentha ndi mwaphokoso moti anthu amalankhulana mokuwa. Gawani antchito m'magulu okhazikika amene sasakanikirana, kuti mmodzi akadwala gulu lake lokha ndilo lipume, khitchini osatsekedwa yonse. Munthu aliyense aphunzire ntchito yoposa imodzi, ndipo musunge ndandanda ya zakudya zosavuta zimene zingaphikidwe ndi theka la antchito. Chipinda chimene antchito amapumuliramo ndi kudyeramo chisaiwalike, popeza ndi mmene iwonso amavula masiki, ndipo kawirikawiri chimakhala chaching'ono.

Chofunika koposa n'choti wodwala akhale kunyumba popanda kuopa kudulidwa malipiro. Wantchito amene akudziwa kuti kujomba tsiku limodzi n'kutaya ndalama ya chakudya cha ana ake adzabwera ndithu ngakhale akutsokomola, ndipo sitingamuimbe mlandu. Ngati khitchini ikuyendetsedwa ndi kampani ya kontirakiti, mfundo imeneyi ilembedwe m'pangano. Kuyeza kutentha kwa thupi pakhomo kungagwire ena, koma musakudalire kwambiri, chifukwa munthu wa COVID-19 ankatha kupatsira ena tsiku limodzi kapena awiri zizindikiro zisanayambe, ndipo ena sankaonetsa zizindikiro n'komwe. Perekani masiki zokwanira zoti munthu asinthe ikanyowa ndi thukuta kapena nthunzi. Magolovesi salowa m'malo mwa kusamba m'manja ndi sopo kwa masekondi 20, ndipo ovalidwa nthawi yaitali amanyamula litsiro ngati dzanja lomwe. Katemera akapezeka, monga anayambira kupezeka wa COVID-19 mu Disembala 2020, apatseni antchito nthawi yokabayitsa mkati mwa maola a ntchito.

Pa zopukuta, ndi zokwanira kutsuka matebulo, zogwirira zitseko ndi mipopi ndi sopo, kenaka n'kupukuta ndi mankhwala pakati pa gulu lina ndi linzake. WHO inkalangiza klorini wa mphamvu ya 0.1 peresenti, amene amapezeka posakaniza gawo limodzi la bulichi wa 5 peresenti ndi magawo 49 a madzi. Asakanizidwe watsopano tsiku lililonse, asiyidwe pamalopo kwa mphindi imodzi asanapukutidwe, asaphatikizidwe ndi mankhwala ena otsukira chifukwa angatulutse mpweya wapoizoni, ndipo malo okhudza chakudya atsukuluzidwe ndi madzi oyera. Kupopera anthu mankhwala pakhomo n'kosathandiza ndipo kungawavulaze maso ndi khungu.

Mliri umasokonezanso kabweredwe ka katundu, choncho khalani ndi ogulitsa oposa mmodzi pa zinthu zofunika kwambiri, ndipo musunge zakudya zouma, sopo, gasi ndi zotengera zokwanira milungu ingapo. Obweretsa katundu atsitsire pakhomo lakumbuyo pa nthawi yoikika osalowa m'khitchini.

Pali gulu lina limene silioneka msanga, la ophunzira amene ankadalira timaganyu kuti apeze ndalama ya chakudya, kapena amene makolo awo achotsedwa ntchito chifukwa cha mliri. Gwirizanani ndi ofesi yoona za umoyo wa ophunzira kuti pakhale njira yachinsinsi yopezera chakudya chaulere kapena chotsika mtengo, yosachititsa munthu manyazi pamzere. Ngati sukulu yatsekedwa pakati pa teremu, nenani poyera ndi msanga zimene zidzachitike ndi ndalama za chakudya zimene ophunzira analipiriratu, kaya kubwezedwa kapena kusungidwira teremu yotsatira. Pa kusintha kulikonse, fotokozani chifukwa chake m'mawu ochepa, ndipo muike oimira ophunzira m'komiti yokonza dongosololi, popeza iwo ndiwo amadziwa nthawi imene mzere umatalika ndi kumene anzawo amakadyera akatenga mabokosi.

Matenda akayamba kuchepa, masulani malamulo pang'onopang'ono, chinthu chimodzi pa nthawi, uku mukuona chiwerengero cha odwala pasukulupo ndi m'dera lozungulira. COVID-19 inabwera m'mafunde, ndipo mtundu wa kachilomboka wotchedwa Omicron umene unadziwika mu Novembala 2021 unakakamiza mayunivesite ena amene anali atabwezeretsa mipando yonse kuti ayambirenso kupereka chakudya chotenga. WHO inadzalengeza kutha kwa nyengo imene COVID-19 inkatengedwa ngati ngozi ya padziko lonse pa 5 Meyi 2023, patatha zaka zitatu ndi miyezi ingapo chiyambire. Choncho bwezerani mipando poyamba, kudzitengera chakudya kubwere pambuyo pake, ndipo mazenera otsegula, malo osambira m'manja ndi tchuthi cholipidwa cha wodwala zikhalebe. Zikwangwani, matenti ndi zotengera zisungidwe pamalo odziwika, ndipo dongosolo lonse lilembedwe m'buku limodzi losonyeza chiwerengero cha mipando pa muyezo uliwonse, ndandanda ya magulu, njira yoperekera chakudya kwa obindikiritsidwa ndi udindo wa munthu aliyense, kuti amene adzakhale pa mpando wanu m'tsogolo adzathe kuliyambitsa m'masiku awiri kapena atatu.